Khungu, Magazi ndi Zakumtundu

Mwana akatuluka m'chikuta ku Mtakataka, monga kwina kulikonse m'Malawi, amayi amayamba kumuunguza. Wina amati mphuno ndi ya bambo ake, wina amati zala zatengera kuchikazi, agogo n'kumaliza kuti kuderako ndi kwa malume ake a ku Golomoti. Palibe amene anapita kusukulu kuti adziwe kuti mwana amatengera makolo. Vuto limayamba pamene chotengeracho chili nthenda, kapena chikungooneka ngati nthenda, makamaka ya pakhungu pomwe aliyense amaona. Mutu ukamawawa amadziwa ndi mwiniwake, koma banga la pankhope limadziwika ndi msika wonse. Zikatero mawu akuti "n'zakumtundu" amasanduka chigamulo: ukwati umatha, mtsikana amasowa womufunsira, banja lonse limalozedwa chala.

Kuchigwa kuno, pakati pa mapiri a Dedza ndi nyanja, matenda a pakhungu ndi ochuluka. Kuli mphere, zipere, chikanga, mashingozi, zilonda zosapola, ndi mawanga osiyanasiyana omwe kwa munthu wamba amaoneka ofanana. Ena amachokeradi kwa makolo, ena amabwera ndi tizilombo, ena amayamba chifukwa cha mankhwala omwe munthu wamwa, ndipo ambiri ndi osakanikirana. Sayansi yofufuza zomwe timatengera kwa makolo imathandiza kulekanitsa magulu amenewa, kuti wodwala auzidwe dzina loona la nthenda yake ndi kupatsidwa mankhwala omwe sangamuvulaze. Koma kuti itipindulire, kafukufukuyo ayenera kuchitika pa anthu a konkuno, chifukwa umboni womwe ulipo ukusonyeza kuti zopezeka ku China kapena ku Ulaya nthawi zambiri sizigwira pa matupi athu.

Malangizo omwe ali m'thupi

Thupi la munthu linamangidwa ndi tizigawo tating'ono kwambiri totchedwa maselo, tosaoneka ndi maso. Mkati mwa pafupifupi selo lililonse muli ulusi wautali wotchedwa DNA, ndipo pa ulusiwo pali malangizo a momwe thupi liyenera kukulira ndi kugwirira ntchito. Malangizowo analembedwa ndi zilembo za mitundu 4 yokha, koma zondandalikana mosinthanasinthana mpaka kukwana pafupifupi 3 biliyoni. Chigawo cha ulusiwo chomwe chimalamula ntchito imodzi, monga kupanga utoto wa khungu, asayansi amachitcha jini, koma pano tizichitcha langizo lachibadwa. Munthu ali ndi malangizo otere pafupifupi 20,000, ndipo anakulungidwa m'mitolo 46. Mitolo 23 imachokera kwa mayi, 23 inayo kwa bambo. Mfundo imeneyi tiigwire bwino ife amene timawerenga mwana kuti ndi wa kuchikazi. Mwambo ukhoza kumupereka ku mbumba ya malume ake, koma thupi lake ndi la mbali zonse ziwiri, ndipo pa ntchito zambiri za m'thupi ali ndi malangizo awiri, limodzi la uku, lina la uko.

Ntchito yoyamba yowerenga DNA ya munthu inamalizidwa mu 2003. Zinadziwika kuti anthu awiri alionse amafanana zilembo pafupifupi 999 mwa 1,000, ndipo kusiyana kwakung'ono kotsalako ndiko kumachititsa wina kukhala wamtali, wina woyererapo, wina wosachedwa kudwala nthenda inayake. Kusiyanako n'kochuluka pakati pa anthu a mu Africa kuposa kwina kulikonse, poti mtundu wa anthu unayambira kuno ndipo wakhalitsa kuno. Chodandaulitsa n'chakuti mwa anthu omwe DNA yawo yayezedwa pa kafukufuku wamkulu wa matenda padziko lonse, a magazi a ku Africa sapitirira 3 pa 100 alionse.

Chialubino: chakumtundu chenicheni

Khungu limada chifukwa cha utoto wotchedwa melanini, womwenso umateteza thupi ku cheza cha dzuwa. Limodzi mwa malangizo othandiza kupanga utotowu limatchedwa OCA2, ndipo lili pa mtolo wa nambala 15. Mu 1994 ofufuza anapeza kuti mwa anthu ambiri achialubino a magazi a ku Africa, langizoli linaduka zilembo pafupifupi 2,700. Kuduka komweku kunapezekanso ku South Africa, Zimbabwe, Zambia, Tanzania ndi Cameroon, zomwe zikusonyeza kuti kunachitika kalekale mwa kholo limodzi lomwe zidzukulu zake zinamwazikana. Munthu wokhala ndi langizo limodzi loduka ndi lina labwino amakhala wakuda bwinobwino, osadziwa n'komwe kuti wanyamula kanthu. Koma awiri otere akakwatirana, pa mimba iliyonse pamakhala mpata umodzi mwa 4 woti mwana alandire loduka kuchokera mbali zonse. Sizitanthauza kuti pa ana 4 mmodzi ayenera kukhala wachialubino. Mimba iliyonse imayamba payokha, n'chifukwa chake banja lina limakhala ndi ana awiri kapena atatu achialubino pomwe lina, la makolo onyamula chimodzimodzi, silikhala ndi mmodzi yemwe.

Taonani zomwe mfundo yaifupiyi ikugwetsa. Bambo amene amathawa banja ponena kuti kwawo kulibe zotere, akuthawa mwana yemwe theka la chialubino chake linachokera mwa iye mwini. Mayi amene amanamiziridwa chigololo kapena ufiti alibe mlandu. Ndipo mafupa a munthu wachialubino ndi mafupa wamba, poti chomwe chinasintha ndi utoto wa khungu, tsitsi ndi maso basi. Anthu omwe akhala akuphedwa ndi kufukulidwa m'manda kuyambira kumapeto kwa 2014, zomwe boma la Dedza nalo silinapulumuke, aphedwera bodza.

Mdani wa tsiku ndi tsiku wa munthu wachialubino ndi dzuwa, ndipo kuchigwa kuno limawomba mopanda chisoni. Wolima thonje, wopalira mpunga kudambo, wopalasa bwato panyanja, onse amakhala padzuwa tsiku lonse. Khungu lopanda melanini limapsa, kenako pamakutu, pakhosi, pamilomo ndi kunja kwa manja pamatuluka timawanga tokhakhala, ndipo tikasiyidwa tina timasanduka khansa. Tikaonedwa msanga timaumitsidwa ndi mankhwala ozizira kwambiri n'kuthothoka. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'Malawi, kuposa kutali momwe ankaganizira kale, ndipo bungwe lawo la APAM lakhala likumenyera mafuta odzola, zipewa zazikulu ndi chitetezo. Kunena zoona, kuti tidziwe kuti mwana ndi wachialubino sitisowa makina, maso amakwanira. Phindu la kafukufuku pano lakhala kufotokoza chiyambi chake, ndipo kufotokozako kukafika kwa namwino wa kusikelo ndi kwa ankhoswe, kumapulumutsa mabanja.

Khate: kachilombo kakunja, chitetezo chakumtundu

Khate ndi nkhani ina, ndipo dera lino limaidziwa bwino. Ansembe a White Fathers anakhazikitsa mishoni ya Mua mu 1902, ndipo mu 1927 panatsegulidwa malo osamalira odwala khate. Anthu ankachokera kutali kudzakhala kumeneko, ambiri atakanidwa ndi abale awo, ndipo poti kunalibe mankhwala ochiritsa msanga, wolowa ankatha zaka, ena moyo wonse. Anthu ankaona khate likugwira bambo, kenako mwana, kenako mdzukulu, n'kugamula kuti lili m'magazi a banjalo. Si Achewa okha amene ankaganiza choncho. Ku Norway, dokotala wotchuka wa khate, Daniel Danielssen, ankaphunzitsa kuti ndi nthenda yobadwa nayo, ndipo amene anamutsutsa anali mkamwini wake yemwe, Armauer Hansen, amene anaona kachilombo koyambitsa khate mu 1873.

Kachilomboka kamafala kudzera m'timadontho ta m'mphuno ndi m'kamwa mwa munthu yemwe sanayambe mankhwala, kupita kwa amene akhala naye pafupi nthawi yaitali, ndipo kamatha zaka 5, nthawi zina mpaka 20, kasanadzionetse. Chizindikiro choyamba chimakhala banga lotuwa kapena lofiirira, losayabwa ndiponso losapweteka. Wazaumoyo amauza wodwala kuti atsinzine, n'kukhudza khungu ndi kathonje, poyamba pambali pa bangalo, kenako pakati pake. Wodwala akaloza pomwe wakhudzidwa pambali koma osamva kanthu pakati, ndiye kuti timitsempha ta pamalopo tagwidwa. Kuduka kwa zala komwe anthu amaopa kumabwera mochedwa: dzanja likachita dzanzi munthu amapsa pophika kapena kubayidwa ndi chitsa osamva, chilonda n'kulowa mafinya mpaka kufupa. Kuyambira mu 1981 khate limachiritsidwa ndi mankhwala ophatikiza omwedwa miyezi 6 kapena 12, aulere. Mu 1994 Malawi anatsitsa chiwerengero cha odwala kufika pansi pa mmodzi pa anthu 10,000, koma khate silinathe. Odwala atsopano akupezekabe chaka ndi chaka, ndipo ambiri amafika kuchipatala mitsempha itawonongeka kale, poti aliyense anauzidwa kuti nthendayi inapita.

Funso lomwe linatsala ndi lakuti, bwanji mwa anthu 100 okumana ndi kachilomboka, pafupifupi 95 sadwala? Apa ndi pomwe makolo athu anaona mbali ina ya choonadi. Munthu satengera khate kwa makolo, koma amatengera mtundu wa chitetezo cha m'thupi chomwe chimalimbana nalo. Mu 2004 ofufuza anapeza malangizo ena okhudzana ndi kudwala khate m'mabanja a ku Vietnam ndi ku Brazil, ndipo mu 2009 kafukufuku wamkulu wa ku China anapeza enanso. Malawi sanali woonerera pa ntchitoyi. Kuyambira mu 1979, ku Chilumba m'boma la Karonga, gulu lotsogoleredwa ndi Jörg Pönnighaus ndi Paul Fine, mothandizidwa ndi bungwe la LEPRA, linayenda khomo ndi khomo kuyeza khungu la anthu oposa 100,000 n'kuwatsatira kwa zaka zambiri. Kumeneko kunatsimikizikanso kuti katemera wa BCG, yemwe amasiya chipsera padzanja la mwana, amatetezako ku khate. Ndipo DNA ya anthu a ku Karonga itayezedwa, zotsatira zomwe zinatuluka mu 2004 zinasonyeza kuti malangizo ambiri omwe ankaganiziridwa sanaonetse mphamvu mwa Amalawi. Ochepa okha ndi omwe anapereka chizindikiro, kuphatikizapo lokhudza momwe thupi limalandirira vitamini D.

Zimenezi zikutiuza zinthu ziwiri. Palibe langizo limodzi lomwe tingalitche la khate. Alipo ambiri, lililonse likukankha pang'ono chabe, ndipo popanda kachilombo onsewo sangadwalitse munthu. Ku Karonga komweko zinaonekanso kuti ngakhale wokhala nyumba imodzi ndi wodwala ali pachiopsezo chachikulu, odwala atsopano ambiri sankachokera m'nyumba zodziwika kuti munali khate. Choncho kusala banja sikuteteza mudzi. Chomwe chimateteza ndi kuyeza khungu la a m'nyumbamo ndi oyandikana nawo, ndipo kuyambira mu 2018 bungwe la WHO limalangiza kuwapatsa rifampicin womwa kamodzi kuti kachilombo kafe kasanayambe.

Mankhwala akamaukira khungu

Pomwe kafukufukuyu wapulumutsa miyoyo moonekeratu ndi pa nkhani ya mankhwala. M'thupi muli gulu la malangizo lotchedwa HLA. Ntchito yake ili ngati ya apolisi a m'mudzi amene amagwira mlendo wokayikitsa n'kupita naye kwa mfumu: limatola tizidutswa ta chilichonse cholowa m'thupi n'kutionetsa kwa asilikali a chitetezo. Anthu amasiyana kwambiri pa HLA, ndipo mwa ena amagwira mankhwala abwinobwino n'kuwapereka ngati mdani. Asilikali akatuluka mwaukali, chomwe amawononga ndi khungu la mwiniwake.

Amodzi mwa mankhwala a khate, dapsone, amachita zotere mwa anthu ochepa: amatentha thupi, amatuluka zidzolo, chiwindi chimatupa, ndipo pafupifupi mmodzi mwa 10 ofika pamenepa amamwalira. Mu 2013 ofufuza a ku China anapeza kuti vutoli limagwera makamaka okhala ndi mtundu wa HLA wotchedwa B*13:01. Atayamba kuyeza odwala asanawapatse mankhwala, n'kuchotsa dapsone kwa okhala ndi mtunduwo, anthu oposa 1,500 anatsatidwa ndipo vutolo silinaoneke. Ndi nkhani yosangalatsa, koma mtundu umenewu ndi wosowa kwambiri mwa anthu a ku Africa, moti kugula choyezera chake n'kubwera nacho ku Mua kungakhale kutaya ndalama. Choopsa chathu pa dapsone n'china. Anthu ambiri a madera a malungo, makamaka amuna, anabadwa ndi kuperewera kwa chinthu china m'magazi chotchedwa G6PD, ndipo dapsone amatha kuswa maselo awo ofiira mpaka magazi kuchepa. Mankhwala a malungo otchedwa Lapdap, omwe munali dapsone ndipo anayesedwapo m'Malawi ndi ku Kenya, anachotsedwa pamsika mu 2008 pa chifukwa chomwechi. Choyezera G6PD ndi dontho la magazi a pachala chilipo, ndipo ndicho chikanatiyenera ife.

Chitsanzo china ndi chathu chenicheni. Ma ARV aulere atayamba mu 2004, anthu ambiri ankamwa Triomune, momwe munali nevirapine. Mankhwalawa anadzutsa anthu omwe anali atatayidwa kale, koma ochepa ankati akamwa milungu ingapo, thupi limatentha, maso amafiira, m'kamwa mumatuluka zilonda, kenako khungu limachita matuza n'kuyamba kusupuka. Madokotala amati ndi Stevens-Johnson, ndipo wodwalayo amasamalidwa mofanana ndi munthu wopsa ndi moto. Ofufuza a ku Malawi-Liverpool-Wellcome Trust anatsatira anthu oposa 1,100 omwe ankayamba mankhwalawa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo mu 2013 analengeza kuti vutoli likugwirizana ndi mtundu wa HLA wotchedwa C*04:01. Wina anganene kuti ntchitoyo sinaphule kanthu, chifukwa sinasanduke choyezera cha m'zipatala. N'zoona sinasanduke: mtunduwo ndi wofala kwathu kuno, ndipo mwa anthu 100 okhala nawo, osafika 5 ndi omwe akanadwala, kotero kuyeza kukanamana anthu ambiri mankhwala popanda chifukwa. Komanso nevirapine anasiyidwa pang'onopang'ono, mpaka dolutegravir atalowa mu 2019. Koma kudziwa kuti choyezera china n'chosathandiza nakonso n'kudziwa, ndipo tinakupeza poyeza Amalawi, osati pongokopera za eni ake.

Zomwe otsutsa amanena

Kutsutsa koyamba ndi kwa ndalama, ndipo n'komveka. Dziko lomwe nthawi zina limasowa mankhwala a mphere ndi mafuta odzola a anthu achialubino lilimbane bwanji ndi DNA? Pali mbali ya sayansiyi yomwe kwa ife ili kutali ndithu. Mu 2015 ku Germany, mnyamata wobadwa ndi nthenda yosupula khungu anaikidwa khungu latsopano pafupifupi thupi lonse, lomeretsedwa kuchokera ku maselo ake omwe atakonzedwa langizo lolakwika. Zotere sizichitika ku Mtakataka posachedwa, ndipo ndalama ya mafuta odzola isapatutsidwe chifukwa cha izo. Koma kafukufuku amachitika kamodzi, pomwe chotuluka chake nthawi zambiri chimakhala lamulo losalira ndalama: mankhwala awa osapatsa munthu wotere, banja ili liyezedwe khungu, mayi uyu auzidwe zoona. Ndiponso kuyeza DNA si kwachilendo monga timaganizira. Mwana wobadwa kwa mayi wa HIV amadonthetsedwa magazi pa kapepala, kapepalako n'kunyamulidwa pa njinga yamoto kupita kokayezedwa, ndipo chomwe amafufuza kumeneko ndi DNA ya kachilombo. Makina a GeneXpert oyezera TB m'zipatala za m'maboma amachitanso chimodzimodzi. Njira ilipo kale, chomwe chikusowa n'kudziwa zoyenera kufunsa pa matupi athu.

Kutsutsa kwachiwiri n'kolemera kuposa koyamba. Kodi kuuza anthu kuti chitetezo cha khate chimatengera makolo sikudzutsanso tsankho lomwe linathamangitsira anthu ku Mua? Kodi mnyamata akadziwika kuti ananyamula langizo la chialubino sadzasowa mkazi? Ngoziyi ilipo, ndipo ndi chifukwa chake zotsatira za munthu ziyenera kukhala zake yekha, osati za abwana ake, apongozi ake kapena mfumu. Koma tsankho silinayembekeze sayansi, lilipo kale, ndipo limakula pomwe palibe wofotokoza. Zomwe kafukufuku wapeza zimatsutsana nalo: onyamula langizo la chialubino ali m'mabanja ambirimbiri akuda omwe sadzikayikira, ndipo khate ndi kachilombo komwe kamasiya kufala munthu akangoyamba mankhwala.

Kutsutsa kwachitatu ndi mantha a magazi. Mu 2017 mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi madera ozungulira zinaphetsa anthu osalakwa, ndipo azaumoyo ena ankaopa kulowa m'midzi. Mphekeserazo zinali zabodza, koma funso lakuti "magazi angawa akupita kuti?" ndi loyenera, ndipo wofufuza amene amaliona ngati umbuli ndiye akulakwitsa. Malawi ali ndi makomiti ounika kafukufuku asanayambe, monga NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo ndi komiti ya ku sukulu ya madokotala ku Blantyre, ndipo ntchito ya H3Africa, yomwe inakhazikitsidwa mu 2010, inayesa kuika asayansi a ku Africa patsogolo pa kafukufuku wa DNA ya anthu a kwawo. Munthu ali ndi ufulu wouzidwa m'chinenero chake zomwe magazi ake akayezedwe, komwe akasungidwe, ndi wokana osataya chithandizo. Ndingawonjezere kuti zotsatira zizibwerera komwe magazi anachokera. Nzeru yomwe yathera m'mabuku a ku Liverpool osafika kwa dokotala wamng'ono wa ku Golomoti ndi ngongole yosabwezedwa.

Madokotala a khungu ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, ndipo ntchito yambiri imagwiridwa ndi azachipatala omwe ena anakaphunzira ku Moshi m'dziko la Tanzania. Pomwe zoyezera zikudikiridwa, pali chida chimodzi chofufuzira zakumtundu chomwe chili kale m'thumba la wodwala aliyense, ndicho buku la kuchipatala. Munthu akasupuka khungu kapena kuchepa magazi atamwa mankhwala ena, dzina la mankhwalawo lilembedwe pachikuto ndi zilembo zazikulu, ndipo abale ake a bere limodzi auzidwe kuti azitchula zimenezi akamalandira mankhwala, poti pali mpata woti anagawana naye HLA kapena G6PD yomweyo.